Kodi Timasekeranji Mr. Bean?

Pa 1 Januwale 1990, wailesi yakanema ya ITV ku Britain inaonetsa koyamba sewero la Mr. Bean, limene Rowan Atkinson anakonza pamodzi ndi Richard Curtis. Zigawo zake zonse ndi 15 cabe, ndipo zomaliza zinatuluka m'caka ca 1995, koma kufikira lero ana ndi akulu omwe amafa nalo ndi phwete.

Cinsinsi cake cagona pati? Mr. Bean si munthu wosaganiza ai. Amaganiza ndithu, koma nzeru zake zimayenda njira yokhota. Pofuna kuzimitsa nyale yamagetsi pogona, amaombera babu ndi mfuti. Poona kuti sutikesi yamucepera, amadula miyendo ya buluku ndi sizasi, kenaka nkupeza kuti kabudula anali naye kale. Pofuna kupenta cipinda mwamsanga, amaika cophulika m'citini ca penti.

Cimene anali kufuna cimacitikadi: mdima umagwa, makoma amayera. Ife oonerera timaseka cifukwa taona kale kuti cimene waononga ciposa cimene wapindula, pamene mwini wake akumwetulira ngati katswiri.

Koma tisanamuloze cala, abale, tidzifunse. Bambo wotenga kaloba kuti abweze kaloba wina, kapena mlimi wogulitsa mbeu kuti agule feteleza, akusiyana pati ndi woombera babu? Mr. Bean amangosintha babu m'mawa mwake, sewero nkupitirira. Pakhomo pathu, amene amagona ndi njala cifukwa ca nzeru zotere ndi ana.