GALIMOTO YA KATUNDU IKASINTHA KULIRA KWACE

Inu eni mabanja amene muweta ng'ombe, mudziwa kuti ng'ombe siigwa pa goli tsiku lomwelo iyamba kudwala. Iyamba yatsokomola, nileka kubzikula, niimika ubweya. Ndipo mbusa wocenjera aona izi, naimasula isanagwe m'munda. Galimoto yaing'ono ya katundu, imene anthu aicha pikapu, iri cimodzimodzi. Kawirikawiri injini yace siifa mwadzidzidzi. Iyamba yadandaula masiku kapena masabata, koma mwini wosachera khutu aiyendetsabe kufikira yafera pa njira.

Taganizani cimene galimoto imeneyi iri kwa inu. Ndiyo ituta feteleza mvula isanagwe, nitenga cimanga ndi mtedza kunka nazo ku msika. Ndiyo isenza mabelo a fodya a ku Kanengo, ku Limbe kapena ku Chinkhoma. Ndipo usiku mai wapakati akabvutika, anthu agogoda pa citseko ca mwini pikapu. Ena anaigula ndi ndalama za zokolola za zaka zingapo, ena anawagulira ana ao a ku Johannesburg. Kungakhale woiyendetsa ndi mwana wanu kapena mnyamata wa ganyu, ikaonongeka cikwama cobooka ndi canu. Cifukwa cace muyenera kuphunzira kumva injini inu nokha. Phokoso lina liti, Imani pompano. Lina liti, Pitani ku galaja sabata lino. Lina liti, Musaope. Nzeru yonse ndiyo kusiyanitsa atatuwa.

YAMBANI MWADZIWA KULIRA KWACE KWABWINO

Munthu sazindikira mau a wodwala ngati sanamve mau ace ali wolimba. Mapikapu ambiri a m'midzi ayendera dizilo. Injini ya mtundu umenewu ichedwa ndi dzina la Rudolf Diesel, amene anaiyendetsa bwino ku Augsburg, m'dziko la Germany, m'caka ca 1897. Iyo iribe mapulagi oyatsa moto monga ya petulo. Pisitoni ipanikiza mpweya kolimba kufikira utatentha, ndipo dizilo akathiridwamo ayaka yekha. Ndico cifukwa cace injini ya dizilo ilira kokakala ngati ya ku cigayo, ingakhale iri yamoyo ndithu; ndipo m'mawa wa kuzizira, mwezi wa Juni ndi Julayi, ikakala koposa, niyamba kufewa mau ikatenthera. Limeneli ndi phokoso la Musaope.

Cotero m'mawa uli wonse, galimoto isanacoke pakhomo, tsekani wailesi, muime pambali pace mphindi imodzi, mumve. Mukatero masabata awiri, khutu lanu lidzagwira nyimbo yace, ndipo tsiku ikasintha mudzadziwa.

MAFUNSO ATATU

Mukamva phokoso lacilendo, musathamangire kumasula zitsulo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Tsitsani poyamba makasu, zigubu ndi maunyolo ziri kumbuyo, pakuti eni galimoto ambiri anada nkhawa ndi khasu logubuduka. Mukatero dzifunseni mafunso atatu.

Loyamba: Kodi phokoso litsata injini kapena matayala? Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, mukoke handibuleki, muike miyala ku matayala, mucotse giya. Tsono woyendetsa aponde mafuta pang'ono pang'ono. Phokoso likafulumira pamodzi ndi injini, liri m'injini kapena m'zimene injini izungulitsa. Likamveka pokhapo galimoto iri kuyenda, funani kwina. Kung'ung'udza kokula ndi liwiro, kosintha pokhota, ndi bering'i ya tayala. Kukwecha kwa citsulo poimika ndi mabuleki otha. Kulira kobwera poponda kilachi, ndi kuleka poisiya, ndi kabering'i ka kilachi, si injini ai.

Laciwiri: Kodi limveka liti? Injini iri yozizira kapena itatentha? Pokwera citunda ndi katundu, kapena itangoima?

Lacitatu: Kodi licokera pati? Pamwamba, pansi, kapena kutsogolo kumene kuli malamba? Tengani ndodo youma yowongoka, yonga mpini wa tsache. Nsonga imodzi muigunditse pa injini, yina muitsamiritse pa fupa la kukhutu, ndipo mau a m'kati adzafika kwa inu omveka. Koma cenjerani. Pisirani malaya, pindani manja ace, ana akhale patali, ndipo ndodo isayandikire fani kapena lamba, pakuti izi zidula zala m'kuphethira kwa diso.

MAPHOKOSO AKUTI, IMANI POMPANO

Woopsa mwa onse ndiye mgugu wolemera wocokera pansi pa injini, wakuti gu, gu, gu, wonga musi mumtondo, wokula poponda mafuta ndi pamene injini yatentha. Gwero lace ndi ili. Pansi pa injini pali citsulo cacikuru cozungulira, cimene amakaniko acicha crankshaft, ndipo mikono ya mapisitoni igwira pa ico. Pakati pa zitsulozi pali mabering'i ofewa, ndi oyilo wopyapyala woposa pepala, amene pampu imkankhiramo kosaleka. Oyilo akacepa kapena akada ndi mcenga, citsulo cidya cinzace, papezeka mpata, ndipo mkono umenya pa kuzungulira kuli konse. Mukazimitsa msanga, makaniko akhoza kupala citsuloco ndi kuika mabering'i atsopano. Mukati, Tingofika pa msika, patsala pafupi, mkono uduka nuboola injini m'nthiti, ndipo pamenepo palibenso cokonza, koma kugula yina. Kulipira wokukokani ndi cingwe kucepa ndithu poyerekeza ndi mtengo wa injini.

Patsogolo pa woyendetsa pali kanyali kofiira ka cithunzi ca kaciwiya kothirira oyilo. Kayenera kuzima injini ikangolira. Kakayaka muli pa ulendo, patukani, muzimitse nthawi yomweyo, phokoso likhalepo kapena ai. Dikirani mphindi zisanu, musolole kacitsulo koyezera, mukapukute, mukabwezere, musololenso. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwirizo. Akacepa onjezerani, koma ngati ali wokwana ndipo kanyali kayakabe, musalizenso injini.

Laciwiri ndi kubwata ndi kufwetha kwa nthunzi kutsogolo, kamuvi ka kutentha katafika pofiira. Imani, muzimitse. Musatsegule citsekero ca radiyeta, pakuti madzi a m'menemo ali otsekeredwa, natentha kupitirira madigiri 100 osawira. Mukatsegula aphulika, nakusupulani nkhope ndi manja. Dikirani theka la ora kapena kuposapo, mutsegule pang'ono pang'ono ndi nsanza yocindikala. Musathire madzi ozizira m'injini yamoto, ingang'aluke mutu. Pambuyo pace yang'anani oyilo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa mosayenera kulowa, gasiketi ya ku mutu yapsa, ndipo galimoto ifuna makaniko isanasenzenso katundu.

Mukamva kuti thaa kutsogolo, kanyali ka batire nkuyaka, lamba waduka. Pa mapikapu ambiri lamba yemweyo ayendetsa pampu ya madzi, cotero injini idzatentha m'mphindi zowerengeka. Sungani lamba wina pansi pa mpando.

Ndipo nyengo ya dzinja kumbukirani ici. Injini ikazima muli pakati pa mtsinje kapena cithaphwi cakuya, musayese kuiliza. Mpweya upanikizika, koma madzi sapanikizika. Akalowa pamwamba pa pisitoni, sitata ikakankha, mkono upindika. Ikokeni ndi ng'ombe kapena thirakitala, makaniko ayambe waturutsa madziwo.

MAPHOKOSO AKUTI, PITANI KU GALAJA SABATA LINO

Kulira kwakuti kwiii poliza m'mawa, kapena popinda ciwongolero mpaka kumapeto, ndi lamba woterereka. Injini itazima, mdinikizeni ndi cala cacikuru pakati pace. Akalowa kupitirira sentimita imodzi, walobodoka. Akakhala wong'aluka kapena wonyezimira, watha. Muthireni madzi pang'ono injini iri kulira, muli cotalikira: phokoso likaleka kanthawi, ndi lamba, likakhalabe, ndi bering'i ya pampu ya madzi kapena ya alitaneta. Musampake sopo kapena girizi kuti akhale cete.

Kakuti tiki, tiki, tiki kopepuka kocokera pamwamba ndi mavalavu. Mudzakazindikira pakuti kayenda mocedwa, cifukwa citsulo cotsegula mavalavu cizungulira kamodzi pamene crankshaft yazungulira kawiri. Kakaleka m'kamphindi injini itangolira, oyilo anali asanakwere. Kakakhalitsa, onani oyilo, ndipo makaniko ayese mipata ya mavalavu.

Kugogoda kwakuthwa, konga nyundo yaing'ono pa citsulo, injini iri kunjenjemera ndi kuturutsa utsi wakuda kapena woyera, kawirikawiri ndi injekita yothira dizilo molakwa. Cimene ciononga mainjekita ndico dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa mseu, wokhala ndi madzi, litsiro kapena palafini. Injekita yodontha ikalekereredwa ikhoza kuboola pisitoni ndi moto wace. Galimoto ya petulo iri ndi kulira kwace kwina, konga timiyala m'citini, pokwera citunda italemedwa. Tsitsani giya, mupungule katundu, mukaionetse.

Kwakuti phu, phu, phu kumbali kwa injini kapena pansi, kokula m'mawa, pali mwaye wakuda poturukira pace, ndi ekizozi yobooka. Injini siifa naco msanga, koma anthu. Mu utsi muli mpweya wakupha wosanunkha, wosaoneka, umene uyamba ndi mutu ndi tulo. Tsegulani mazenera kufikira mutakonzetsa, ndipo munthu asagone m'galimoto injini iri kulira.

Pa mapikapu okhala ndi turbo, kamluzu kakang'ono poponda mafuta nkacibadwa. Mluzu ukakula ngati wa ambulansi, mphamvu nkucepa, utsi nkuoneka wobiriwira motuwa, ndiko kupsa kwa oyilo, pitani nayo msanga.

CIMODZI CIMENE SICICENJEZA

Injini zambiri za dizilo ziri ndi lamba wina wa mano, wobisika m'kati mwa cibvundikiro, amene agwirizanitsa mavalavu ndi mapisitoni. Amakaniko amucha lamba wa taiming'i. Ameneyu kawirikawiri aduka osadandaula, ndipo akaduka mapisitoni amenya mavalavu. Khutu silithandiza pano, koma kuwerenga. Pa Toyota Hilux zambiri za dizilo zokhala ndi lamba ameneyu, asinthidwa pa makilomita 100,000 kapena 150,000, monga mwa mtundu wa injini, ndipo pali kanyali kokumbutsa. Mukagula galimoto yakale osadziwa tsiku anasinthidwa, msintheni pomwepo, mulembe makilomita m'kabuku.

POLANKHULA NDI MAKANIKO

Safunsa anadya phula. Musangoti, Galimoto iri kusokosa. Nenani kuti phokoso linayamba liti, limveka potani, licokera pati, utsi uli wotani, ndi dizilo munagula kuti. Ngati libwera ndi kupita, mwana wanu alijambule pa foni. Makaniko alimve yekha asanamasule kanthu; mupangane mtengo nchito isanayambe, ndipo zitsulo zocotsedwa akuonetseni. Wina akati, Tithiremo oyilo wolimba, mgugu uleka, kanani. Kutero ndiko kutseka pakamwa pa wodwala, nthenda iri m'kati. Ogulitsa ena acita comweco. Cifukwa cace pogula pikapu yakale fikani mamawa, mugwire boneti, mumve injini polira iri yozizira.

ZOCITA KUTI MAPHOKOSO ACEPE

1. Yezani oyilo ndi madzi m'mawa, injini iri yozizira, musanayambe ulendo.

2. Pa miseu yathu ya fumbi, injini yakale ya dizilo isinthidwe oyilo ndi sefa yace pa makilomita 5,000 ali onse, kapena monga linena buku lace.

3. M'cilimwe yang'anani sefa ya mpweya sabata ndi sabata. Yobooka itayeni, pakuti fumbi lolowa m'injini lidya zitsulo ngati mwala wonolera.

4. Injini ikalira m'mawa, musaiponderetu mafuta; ipatseni kamphindi kuti oyilo afike ponse.

5. Musasenzetse koposa muyeso. Maulendo awiri aposa ulendo umodzi wothera pa citunda.

Cotsiriza ndi ici, ndipo ciri kwa inu eni ace. Anyamata ambiri oyendetsa amva mgugu, naona kanyali, koma apitirira cifukwa aopa ukali wa mwini galimoto akacedwa ku msika. Muitaneni woyendetsa wanu lero, mumuuze pamaso pa banja kuti akamva mgugu wa pansi, kapena akaona kanyali kofiira, aime pomwepo, atumize mau, ndipo simudzamdzudzula. Mabelo akhoza kugona usiku umodzi pambali pa njira atafunditsidwa lona, nagulidwa mawa lace. Koma injini yobooka idzadya fodya wa caka conse.