Wometa tsitsi amene anadzutsa msewu wa Route 66

Msewu watsopano wa Interstate 40 utatsegulidwa mu September 1978, tauni ya Seligman m'chigawo cha Arizona ku United States inangoti zii. Magalimoto amene ankadutsa pakati pa tauniyi, n'kumaima kuti amwetse mafuta, eni ake adye kapena agone, anayamba kulambalala chapatali. Msewu wakale wa Route 66, womwe kuyambira 1926 unkachokera ku Chicago mpaka ku California, unasanduka wamasiye. Pofika 1985 boma linauchotsa pa mndandanda wa misewu ikuluikulu ya dzikolo, zikwangwani zake n'kuzulidwa.

Amene anakana kukhala chete sanali nduna kapena injiniya ayi. Anali Angel Delgadillo, wometa tsitsi wa m'tauni momwemo, yemwe ankangoona mpando wake wometerapo uli wopanda munthu, masitolo oyandikana naye akutsekedwa. Mu February 1987 anaitanitsa anzake a m'matauni a m'mbali mwa msewuwo, nakhazikitsa bungwe la Historic Route 66 Association of Arizona. Pempho lawo linali limodzi: boma lilengeze kuti msewuwu ndi wa mbiri yakale, libwezeretse zikwangwani. Chaka chisanathe, boma la Arizona linavomera, kuyambira ndi gawo la pakati pa Seligman ndi Kingman. Masiku ano mabasi a alendo amaima pakhomo pa mometera muja, momwe tsopano mumagulitsidwa zipewa, makapu ndi tizikwangwani tolembedwa 66. Opanga filimu ya Cars ya mu 2006 nawo anakacheza ndi mkuluyu pokonza nkhani yawo.

Zimene anachita anthu a ku Seligman ndi zimene malamulo a dzikolo amafuna lero. Mu 1991 nyumba ya malamulo inakhazikitsa ndondomeko ya National Scenic Byways, ndipo misewu yoyamba inalengezedwa mu 1996. Boma silipita kukasaka misewu yokongola. Eni dera ndiwo amayamba, amapempha boma la chigawo chawo kuti liuvomereze kaye msewuwo, kenako nkhani n'kufika ku likulu. Ayenera kusonyeza kuti msewu wawo uli ndi chimodzi mwa zinthu zisanu ndi chimodzi: malo okongola, chilengedwe, mbiri, chikhalidwe, zotsalira za anthu amakedzana kapena malo osangalalirako. Msewu wokhala ndi ziwiri kapena kuposerapo, woti munthu anganyamuke ulendo kuti akangouona, umatchedwa All-American Road. Gawo la Route 66 la ku Arizona linalandira dzina limeneli mu 2009.

Ntchito yotopetsa imakhala pa chikalata chomwe opemphawo ayenera kulemba, cholongosola mmene derali lidzasamalidwire. Apa ndi pomwe mikangano imabuka, chifukwa pa misewu yambiri yotere lamulo limaletsa kuimika zikwangwani zatsopano zotsatsa malonda. Mwini munda amene ankayembekezera kudyerapo pa lendi ya chikwangwani sangaombe m'manja. Komabe ndikuona kuti lamulo limeneli ndilo likupatsa dzinali tanthauzo, pakuti palibe mlendo angayende mtunda wautali kuti akaone phiri lobisika ndi malonda a sopo.

Dzinalo palokha silikwirira maenje a mumsewu, ndipo ndalama sizibwera nthawi zonse. Mu 2012 thumba lapadera la ndondomekoyi linatsekedwa, zaka n'kudutsa popanda msewu watsopano wolengezedwa. Anthu sanaleke kupempha, poti chimene amafuna kwenikweni n'choti dzina la tauni yawo lioneke pa mapu, woyenda apatuke, agule khofi, agone usiku umodzi. Lamulo la mu 2019 linatsegulanso mwayi wopempha, ndipo mu 2021 panalengezedwa misewu 49. Yonse pamodzi inafika 184, m'zigawo 48 za dzikolo.