ULENDO WA KU CIGWA COTENTHA CA ZAMBEZI

Munthu amene anazolowera mphepo yozizira ya mu Lusaka ndi mithunzi ya mitengo ya ku Kabulonga ndi Woodlands sangakhulupirire msanga kuti pa mtunda wa makilomita ngati 140 cabe pali dziko limene lilikusanduka cipululu. Dziko limeneli ndi cigwa ca mtsinje wa Zambezi, ca ku Chirundu ndi Lusitu, kumene mtolankhani wa nyuzi ino anakayenda m'mwezi wa October.

Basi imanyamuka pa Intercity ndi kudzera ku Chilanga ndi Kafue. Kutsidya kwa mtsinje wa Kafue mseu umagawika pawiri, wina wa ku Livingstone, wina wa ku Chirundu. Wa ku Chirunduwo umatsetsereka mokhotakhota m'mapiri a Kapiringozi, kumene malole ambiri akhala akugubuduzika. Mzinda wa Lusaka uli pamwamba, mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja yamcere, koma Chirundu ili pa mamita ngati 400. N'cifukwa cake m'cigwamo kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mitengo imene imapirira ndi milambe, tsanya ndi masau.

Codabwitsa coyamba cili pa makilomita 21 munthu asanafike ku Chirundu, pafupi ndi mphambano ya ku Siavonga. Pamenepo pagona mitengo imene inasanduka miyala. Akatswiri amati inamera zaka 150 miliyoni zapitazo, inakwiririka m'matope, ndipo mcere wa m'nthaka unalowa m'malo mwa thabwa pang'onopang'ono. Malowa amasungidwa ndi bungwe la National Heritage Conservation Commission, ndipo kutolapo mwala ndi mlandu.

Codabwitsa caciwiri ndi kaphiri ka Ing'ombe Ilede, kufupi ndi kumene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi. M'Citonga dzinali litanthauza ng'ombe yogona, cifukwa ca mlambe wakugwa umene umaoneka ngati ng'ombe. Mu 1960 anchito a boma amene anali kukumba maziko a thanki la madzi anapeza manda akale. M'mandamo munali mikanda ya golidi ndi yagalasi ndiponso mitanda ya mkuwa, umboni wakuti makolo a m'cigwaci anali kucita malonda ndi anthu a ku gombe la nyanja ya Indian zaka mazana angapo zapitazo.

Koma cimene cimakhudza mtima kwambiri ndi nthaka ya ku Lusitu. Pomanga damu la Kariba, anthu a Citonga okwana 57,000 anasamutsidwa ku mbali zonse ziwiri za Zambezi. Mwa iwo, anthu ngati 6,000 a kwa Mfumu Chipepo anatulidwa ku Lusitu mu 1958. Malo anali ocepa ndipo mvula ndi yosadalirika. Anthu, ng'ombe ndi mbuzi ataculuka, minda inaleka kugonera, udzu unatha, mitengo inadulidwa. Lero madzi a mvula akumba zigwembe zakuya zimene zilikudya minda, ndipo m'cilimwe azimai amafukula mcenga wa mu mtsinje kuti apeze madzi.

Mlanduwu suli pa anthu a m'cigwa okha. M'mbali mwa mseu mwaimikidwa matumba a makala oyembekeza malole a ku Lusaka, ndipo mbaula za ku Kabwata ndi Chelstone zimadya mitengo ya m'midzi yonga imeneyi. Mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, anthu a m'tauni anathamangira makala koposa kale.

Amene afuna kukaona malowa anyamuke m'mamawa, atenge madzi akumwa okwanira ndi cisoti, ndipo ngati n'kotheka apite pakati pa May ndi July pamene dzuwa silinakwiye.

Inu alimi a ku Petauke, Katete, Chipata ndi Lundazi, nkhani ya ku Lusitu ikhale cenjezo. Siyani mitengo m'mbali mwa mitsinje, limani mizere yopingasa pa malo otsetsereka, tsekani kacigwembe kakali kakang'ono, ndipo musatenthe chire mwacisawawa. Nthaka ya ku Lusitu inaonongeka anthu amene anasamukirako ali ana akali moyo.