N'chifukwa chiyani tomato amafota ali m'madzi?

Ana inu, munayamba mwaonapo tomato atafota chonsecho mvula yakhala ikugwa sabata yathunthu? Masamba achita chikasu, nsonga zazyolika, koma pansi madzi ali ndengundengu. Mbewu imeneyi sikufa ndi ludzu ayi. Ikubanika.

Mizu imapuma. Ilibe mphuno, komabe imafuna mpweya wa okosijeni, ndipo imaupeza m'timipata tomwe tili pakati pa timibulu ta dothi. Madzi akadzaza timipatato n'kukhalitsa masiku angapo, mpweya umasowa ndipo mizu imayamba kuola. Muzu woola sungathenso kumwa, ngakhale madzi atauzinga mbali zonse. Masamba amafota pachifukwa chimenechi.

Vutoli ndi lalikulu pa dothi la makande, lakuda lomata lija, lomwe limapezeka m'madambo ambiri, kuchigwa cha Shire ku Chikwawa ndi Nsanje, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, komanso ku Kafue Flats m'dziko la Zambia. Makande ali ndi dongo lambiri. Kambulu ka mchenga mumakaona ndi maso, ndipo kamatha kukula mpaka mamilimita 2. Ka dongo sikaposa mamilimita 0.002. Mutandandika timibulu 500 totere pamzere umodzi, simungapyole milimita imodzi! Timibuluti n'tophwatalala, ndipo timasanjikizana ngati mbale zomwe amayi aziunjika atatsuka, mwakuti madzi amasowa podutsira. Mvula ikagwa, makande amafufuma n'kutsekeratu timipata totsalato. Dzuwa la Okutobala likawomba, amauma gwa, n'kuchita ming'alu yoti dzanja lanu likhoza kulowa.

Komatu musalinyoze dothi limeneli. Dongo limagwira chakudya cha mbewu molimba kuposa mchenga, womwe mvula imangouchapa. Thonje la kuchigwa cha Shire limakula bwino pamakande. Dothi ili ndi lachonde. Chomwe limamana mizu ya masamba ndi mpweya basi.

Alimi anapeza nzeru kalekale: kukweza malo omwe mizu ikhalemo. Madzi sakwera chitunda. Bedi likakhala pamwamba, madzi owonjezera amatsikira m'njira za m'mbali, mpweya n'kubwerera m'dothi. Matutu a mbatata amathandiza mwanjira yomweyi. Kutali ku South America, anthu okhala m'mbali mwa nyanja ya Titicaca, ku Peru ndi Bolivia, ankaunda minda yokwera yokhala ndi ngalande pakati zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo ankadzalapo mbatatesi.

Mukafuna kupanga bedi lanu kudimba kapena kusukulu, yambani mwafunsa dothilo ngati lakonzeka. Tapani dzanja limodzi, mulifinye. Likaumbika kampira kosalala komata zala, ndiye kuti lanyowa kwambiri, dikirani. Mukalilima lili chonchi, likadzauma mudzapeza zibuma zokhazokha zolimba zoti mizu singaboole. Likamanyenyeka mukalidina ndi chala, tengani khasu.

Yezani mita imodzi m'lifupi. M'litali mukhoza kufika pomwe mukufuna, koma m'lifupi musapyole kwenikweni, chifukwa dzanja lanu liyenera kufika pakati pa bedi inu mutaima m'njira. Gaulani pansi pomwe pakhale bedilo kuti mizu idzathe kutsika. Kenako palani dothi lapamwamba la m'njira zam'mbali n'kuliunjika pabedipo mpaka likwere masentimita 20 kapena 30. Sakanizanimo manyowa owolerana bwino, a khola kapena a kompositi, ndipo musaumire. Manyowa ndiwo amagwirizanitsa timibulu ta dongo kuti tikhale timagulumagulu, ndipo pakati pa timaguluto pamatsala mipata ikuluikulu yodutsa madzi ndi mpweya. Amaitananso nyongolotsi, zomwe zimaboola tinjira usiku ndi usana. Katswiri wa sayansi wa ku England, Charles Darwin, anazilemekeza kwambiri nyongolotsizi mpaka anazilembera buku lathunthu m'chaka cha 1881.

Ena adzakuuzani kuti muthiremo mchenga. Ine ndikuti ayi. Mchenga wochepa sumasula dongo, chifukwa timibulu ta dongo timangolowa pakati pa mchengawo n'kumata zonse pamodzi, dothi n'kulimbiratu. Kuti usinthe kanthu pamafunika mchenga wochuluka zedi woti simungathe kututa pamutu. Mphamvu zimenezo zithereni pokusa masamba ndi mapesi opangira kompositi.

M'mbali mwa bedi mukhoza kutchinga ndi njerwa zosweka, miyala kapena nsungwi, ngakhale nsungwi ndi matabwa sizichedwa kudyedwa ndi chiswe. Popanda chotchingira zimathekanso, bola m'mbalimo mukhale motsetsereka pang'onopang'ono kuti mvula isagumule. Pamwamba sazani bwino, mudzale mpiru, repu, anyezi kapena tomato wanu, muphimbire ndi udzu wouma. Mukatero, phazi lisapondeponso. Phazi limodzi lokha limatseka timipata tomwe nyongolotsi zavutikira kwa masiku ambiri.

Bedi lokwera limauma msanga, choncho m'chilimwe muzilithirira pafupipafupi. N'chifukwa chake pamalo amchenga kapena osowa madzi alimi amachita zosiyana, amakumba mabedi olowa pansi kuti madzi asathawe.

Nanga mungadziwe bwanji kuti kwanu kuli dongo lochuluka motani? Pezani botolo loonekera mkati. Thiranimo dothi losinjasinja kufika chapakati, mudzaze madzi, mutseke, mukhutchumule mwamphamvu, kenako muliike poti wina asaligwedeze. Mchenga ukhala pansi pakangotha mphindi imodzi kapena ziwiri. Dothi losalala lapakatikati litsatira pakapita maola angapo. Dongo limachedwa, ndipo madzi akhoza kukhala ovunduka masiku awiri kapena kuposerapo. Akayera, tengani rula muyeze zigawo zitatuzo. Chigawo chapamwamba ndicho dongo, ndipo chikayandikira theka la dothi lonselo, dimba lanu likufunika mabedi okwera mvula isanayambe.