NG'OMA ZA KU DZALEKA NDI MLANDU WA KWATHU

Kuno kwathu ku George munthu sasowa nyimbo. Zimacokera m'mabawa, m'maminibasi, pamaliro ndi m'machalichi, ndipo zambiri timangozimva osazimvetsera. Koma kumayambiriro kwa Novembala caka ca 2024 tinayenda mtunda woposa makilomita 700 kuti tikamvetsere nyimbo pabwalo la fumbi, ku mapiri a ku Dowa m'dziko la Malawi. Zimene tinamva kumeneko zinatikumbutsa mlandu umene tinausiya kuno osaukamba.

Tinakwera basi m'bandakuca pa Intercity ndi kutsata msewu wa Great East. Tinaoloka mlatho wa Luangwa, tinagula nthoci pa Nyimba, tinapyola Petauke, Katete ndi Chipata, ndipo tinalowa m'Malawi pa cipata ca Mwami. Titagona ku Lilongwe, m'mawa mwake tinakwera minibasi yopita ku Dzaleka, mtunda wa makilomita pafupifupi 40.

Dzina lenilenilo likunena mbiri ya malowo. M'masiku a Dr Kamuzu Banda pamenepa panali ndende ya anthu omangidwa pa zandale, ndipo akuti dzinali linacokera ku mau a wandende wolapa akuti n'dzaleka. M'caka ca 1994 malowo anasanduka msasa wa anthu othawa nkhondo. Anakonzedwa kuti asunge anthu ngati 10,000 kapena 12,000, koma pamene ife tinafika munali anthu oposa 50,000, ambiri a iwo ocokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Malamulo a dzikolo anali osawalola kukhala kapena kugwira nchito kunja kwa msasa, ndipo m'caka ca 2023 boma linabweza ku Dzaleka ambiri amene anali atakhazikika m'matauni.

Mmodzi wa anthu a mumsasamo, mlakatuli wa ku Congo Trésor Nzengu Mpauni, wodziwika ndi dzina lakuti Menes la Plume, ndiye anayambitsa cikondwerero ca Tumaini m'caka ca 2014. Tumaini ndi liu la Ciswahili lotanthauza ciyembekezo. Ganizo lake linali lakuti popeza othawa nkhondo saloledwa kuturuka, dziko ndilo lilowe kwa iwo. Pakhomo sanatilipiritse kanthu, ndipo ife alendo ofuna kugona tinalandiridwa m'nyumba za mabanja a mumsasa momwemo, ndi kusiya kangacepe kothandiza banjalo.

Dzuwa linali lamoto, monga likhalira mvula isanagwe, koma malowo ndi okwera ndipo madzulo kunabwera kamphepo kozizira. Khamu linali lalikulu ndithu: ana a mumsasa atakwera pamapewa a akulu ao, amai a m'midzi yozungulira atabereka makanda, acinyamata a ku Lilongwe, azungu atafunda zitenje. Fungo la chapati ndi nyama yooca linali ponseponse. Oimba a ku Malawi analandizana bwalo ndi oimba a mumsasa, ndipo magitala a rumba ya ku Congo anavinitsa ndi nkhalamba zomwe.

Koma cimene sitidzaiwala ndi ng'oma za ku Burundi. Anyamata analowa m'bwalo ali pamzere, aliyense atasenza pamutu ng'oma yaikulu yosemedwa ku thunthu la mtengo, akuiomba uku akuyenda. Atazitula anaziika mozungulira, imodzi pakati. Ena ankasunga kugunda kumodzi kosasintha, ena ankayankha pamwamba pake, ndipo mmodzimmodzi ankaturuka kukavina ndi kudumpha patsogolo pa ng'oma yapakati. Palibe anapambana mnzake, palibe anacedwa. Kale ng'oma zotere zinali za mafumu a dziko lao, ndipo bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula wa cuma ca mtundu wa anthu m'caka ca 2014. Ife amene taphunzitsa makwaya zaka zambiri tikudziwa kuti kumvana kotere sikubwera m'sabata limodzi. Anyamatawo anaphunzira kwa akulu ao, mumsasa, kutali ndi dziko limene ena a iwo sanaliponde n'komwe.

Usiku umenewo tinagona kwa mai wina wa ku Rwanda, amene anatipatsa mphasa yake yabwino ndi kutiphikira nyemba ndi nthoci. Cinyanja cake cinali comveka bwino. Atatifunsa kumene tacokera, tinayankha monyada kuti ku George, mu Lusaka. Maiwo anakhala cete kanthawi, kenaka anatiuza kuti mlongo wao anali ndi kasitolo ku Lusaka kufikira caka ca 2016. Sanaonjezepo mau ena. Anangotithirira tiyi.

Awerengi a mu Lusaka akudziwa cimene cinacitika. M'miyezi yoyamba ya caka cimeneco mitembo ya anthu ophedwa mwankhanza inapezeka ku George ndi m'makomboni oyandikana nawo. Mphekesera inabuka yakuti amalonda a ku Rwanda ndiwo akucita zimenezi kuti malonda ao ayende. Pa 18 Epulo anthu anayamba kuphwanya masitolo ao, ndipo cipolowe cinafalikira ku Matero, Kanyama, Chawama ndi kwina. Masitolo oposa 60 anafunkhidwa. Ku Kanyama anthu awiri anatenthedwa, ndipo onse anali a Zambia. Mazana a alendo anathawira ku chalichi ca St Ignatius, kumene Pulezidenti Edgar Lungu anapita kukawaona. Amene anagwidwa pambuyo pake pa mlandu wa kuphako anali a kuno kwathu.

Ife sitinanyamule thumba la shuga la munthu. Koma tinaima pakhomo n'kumayang'ana, ndipo pamene mphekesera inali kuyenda pamsika sitinaitsutse. Mwini sitolo wa pafupi nafe anali kutikongoza mcere ndi macesi mwezi ukafika pakati, komabe dzina lake lenileni sitinalidziwe. Tinali kungomuitana ndi dzina la dziko lake.

Dziko lathu lili ndi mbiri yabwino yolandira alendo. Mayukwayukwa inatsegulidwa mu 1966, Meheba mu 1971, ndipo ku Ukwimi, m'dera la Petauke limene tinapyola paulendo, kunakhala anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Koma kulandira kwa boma ndi kwina, kwa mnansi ndi kwinanso. Pa Dzaleka zinthu zinatembenuka: mlendo ndiye anali mwini nyumba, ife tinali opempha pogona. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka maiwo kanatimeta popanda liu limodzi lotidzudzula.

Makolo anzathu, si onse angakwanitse ulendo wa ku Dowa. Koma m'makomboni mwathu muli mabanja a ku Congo, Burundi ndi Rwanda amene ali ndi nyimbo zao, ndipo ana ao amaphunzira pamodzi ndi athu. Aitaneni adzaimbe pa ukwati ndi pa cikondwerero ca sukulu, ndipo ana anu akhale pansi amvetsere. Ife titabwerera ku George tinapita kwa mwini sitolo amene alipo tsopano pangodya ya msewu wathu, tinagula sopo, ndipo tinamufunsa dzina lake ndi la mudzi umene anabadwira. Anatiyang'ana modabwa, kenaka anatitulutsira mpando.