Musanadine "Accept": chinsinsi chanu ndi cha kampani ya pa foni si chimodzi

Kwa amayi ambiri a ku Chembe, foni tsopano ndi chida cha ntchito ngati thandala loyanikirapo usipa. Ndalama za nsomba zimabwera pa Mpamba kapena Airtel Money, bambo amene ali ku Joni amalankhula ndi ana pa WhatsApp, ndipo uthenga wa maliro umafika pa gulu la amayi belu la ku tchalitchi lisanalire. Koma kumbuyo kwa pulogalamu iliyonse ya pa foni ndi tsamba lililonse la pa intaneti kuli chikalata chimene ambiri amachivomereza osachiwerenga. Dzina lake ndi privacy policy. Chimabwera m'Chingerezi, m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo pansi pake pamakhala batani lolembedwa "Accept" kapena "Agree". Nthawi zambiri wodina batanilo sakhala mwini foni, koma mwana wake, kapena mnyamata wa pa shopu yotchajira mafoni amene wapemphedwa kuti "angoikamo WhatsApp".

Ife anamwino ndi azamba tikati chinsinsi, timatanthauza kuti zimene mwatiuza zithera m'chipinda momwemo. Mayi akabwera ku sikelo n'kuyezetsa magazi, zotsatira zake sitiuza apongozi ake kapena a mpingo, ndipo namwino woulula akhoza kulangidwa ndi bungwe lotiyang'anira la Nurses and Midwives Council of Malawi. Amayi ambiri akamva kuti kampani ili ndi chikalata cha chinsinsi amaganiza kuti ndi lonjezo la mtundu womwewu. Ayi ndithu. Chikalatacho chimangofotokoza zimene kampani imatola za inu, zimene imachita nazo, ndi amene imawapatsa. Chikhoza kunena poyera kuti zanu zidzaperekedwa kwa otsatsa malonda, ndipo mukadina batani lija, kampaniyo sinaphwanye pangano lililonse. Mwalola nokha.

Kusawerengaku si ulesi, ndipo si vuto la akumudzi okha. Mu 2008 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America, Aleecia McDonald ndi Lorrie Cranor, anawerengetsa kuti munthu wofuna kuwerenga zikalata za masamba onse amene amalowapo angafunike maola pafupifupi 244 pa chaka. Mu 2002 bungwe loona za malamulo a kapangidwe ka masamba a pa intaneti linatulutsa njira yotchedwa P3P, yoti munthu aziuza kompyuta yake zimene sakufuna kuti zidziwike, ndiye kompyutayo iziyerekeza yokha ndi chikalata cha tsamba lililonse n'kumuchenjeza. Maganizo anali abwino, koma makampani ambiri sanaitsatire ndipo inafa. Ntchito yoyerekezayo inabwerera kwa ife eni.

Ndiye musayambire pa chikalata cha kampani. Yambani ndi chanu. Khalani pansi mudzifunse kuti ndi ziti zimene simungafotokoze pa mjigo kapena pa doko pogula nsomba. Kwa wina ndi pakati pamene sipanaonekere. Kwa wina ndi mankhwala otalikitsa moyo amene amamwa, kwa wina ngongole, kwa wina zithunzi za ana ake aakazi, kwa winanso malo amene akukhala atachoka ku banja la nkhanza. Aliyense ali ndi malire ake, ndipo palibe wolakwa. Mukawadziwa malire anu, simufunikanso kuwerenga masamba onse aja. Mumangofufuza mayankho a mafunso atatu: akutola chiyani, akupatsa ndani, ndipo kodi ndingafufutitse?

Ndiyambe ndi nkhani imene imandikhudza kwambiri ngati mzamba. Amayi ndi atsikana ambiri, makamaka otsata njira ya chilengedwe yolera, ayamba kuwerengera masiku awo pa foni. Mapulogalamu amenewa amafunsa tsiku limene mwayamba kusamba, limene mwakhala malo amodzi ndi bambo, ndiponso ngati mukufuna mwana. Mu Januwale 2021 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linadzudzula kampani ya Flo, imodzi mwa zotchuka pa ntchitoyi, kuti inkapereka nkhani za umoyo wa amayi, kuphatikizapo zoti ali ndi pakati, ku makampani ena monga Facebook ndi Google, pamene chikalata chake chinkalonjeza kusunga chinsinsi. Flo sinavomere kulakwa, koma inalola kuti iziyamba yapempha chilolezo cha mayi. Apa muone kuti ngakhale chikalata chokoma chikhoza kusiyana ndi zochitika. Ine ndimati ngati nkhani ya kumwezi ili pakati pa zinsinsi zanu, kalendala ya pepala kapena mikanda yowerengera masiku ija ikadali yabwino. Siifuna bandulo, ndipo siuza munthu.

WhatsApp ili pakatikati. Kuyambira mu 2016 mauthenga ake amatsekedwa mwakuti ngakhale kampaniyo singawerenge zimene mwalemba kapena kumva zimene mwalankhula. Zimenezo n'zabwino. Koma chikalata chake chimanena kuti imatola nambala yanu, manambala a m'foni mwanu ngati mwalola, mtundu wa foni, nthawi imene mumaigwiritsa ntchito ndi dera limene muli, ndipo zina imagawana ndi makampani anzake a Meta, eni ake a Facebook, amene anaigula mu 2014. Mu Januwale 2021 WhatsApp inauza anthu kuti avomereze chikalata chatsopano pofika pa 8 Febuluwale, ndipo anthu atadandaula dziko lonse lapansi inasuntha tsikulo kufika pa 15 Meyi. Mu Seputembala chaka chomwecho dziko la Ireland linailipiritsa mayuro 225 miliyoni chifukwa chosafotokozera anthu momveka bwino zimene imachita ndi nkhani zawo. Ngati azungu eni chilankhulo sankamvetsa, musadzione operewera.

Oopsa kwenikweni ndi mapulogalamu obwereketsa ndalama mwachangu. Ku Kenya ambiri a iwo ankapempha kuona manambala onse a m'foni, ndipo munthu akachedwa kubweza ankaimbira abale ake, abwana ake ndi anzake kuti amuchititse manyazi. Zinafika poti Google inaletsa mapulogalamu a ngongole kutenga manambala ndi zithunzi za m'foni kuyambira pa 31 Meyi 2023. Koma lamuloli limagwira pa zimene mwatenga ku Play Store. Pulogalamu imene wina wakutumizirani pa WhatsApp kapena kukuthirirani kuchokera m'foni mwake sidutsa kumeneko.

Kuno kwathu malamulo alipo. Ndime 21 ya malamulo aakulu a dziko lino imapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, kuphatikizapo pa mauthenga ake. Kuyambira mu 2024 tilinso ndi lamulo la Data Protection Act, ndipo woliyang'anira ndi MACRA. Lamuloli limaika nkhani za umoyo m'gulu la zinthu zofunika kuzisamala mwapadera, ndipo limakupatsani ufulu wofunsa zimene bungwe likusunga za inu, wokonzetsa zolakwika, wopempha kuti zifufutidwe ndi wobweza chilolezo chimene munapereka. Silikhudza makampani a intaneti okha. Wobwera m'mudzi ndi tabuleti kudzalemba maina, manambala a ziphaso za unzika ndi kujambula zithunzi, ali ndi udindo wokuuzani kumene zikupita. Mufunseni, si chipongwe.

Pa foni penipeni, itanani mwana amene amamva Chingerezi mukhale naye limodzi, foni ili m'manja mwanu. M'chikalata afufuze mawu akuti "share", "third parties", "partners" ndi "advertising", chifukwa pamenepo ndi pamene amanena amene amawapatsa zanu, ndiponso "delete", pamene amanena za kufufuta. Ku Play Store, pansi pa pulogalamu iliyonse pali gawo lalifupi lolembedwa "Data safety", ngakhale muzikumbukira kuti amalemba ndi eni pulogalamu. Kenako lowani ku Settings muone Permissions. Tochi imene ikufuna manambala a anzanu, kapena masewera a ana ofuna kudziwa kumene muli, akanizeni. Pa WhatsApp, pansi pa Privacy, mukhoza kusankha amene angaone chithunzi chanu ndi amene angakuikeni m'magulu.

Komabe, amayi anzanga, zinsinsi zambiri za kuno sizitayikira ku America. Zimatayikira m'magulu athu omwe. Wina amalemba ndi mtima wabwino kuti tipempherere mayi uje, n'kutchula dzina, mudzi ndi matenda amene amupeza nawo ku Monkey Bay. Wina amajambula buku la kuchipatala la m'bale wake pofuna thandizo. WhatsApp singawerenge uthengawo, koma onse a m'gulumo auwerenga, pamodzi ndi amuna awo ndi ana awo amene amabwereka mafoniwo madzulo, ndipo aliyense angautumize kwina. Magulu athuwa alibe chikalata chilichonse. Pa msonkhano wotsatira wa bungwe, amayi apampando aike nkhaniyi pa ndondomeko, mugwirizane kuti dzina la wodwala, matenda ake kapena chithunzi chake siziikidwa pa gulu mwini wake asanafunsidwe, ndipo mlembi alembe m'buku.