Dothi lokoma kumunda lisakunyengeni pa maziko



Chidzazireni nyanja mu 2024, madzi n'kulowa m'nyumba ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, anthu ambiri akumanganso. Ena ndi ndalama za usipa, ena za mpunga, ena zomwe ana akutumiza kuchokera ku Joni. Malo ouma achepa, ndiye nyumba, ngakhalenso madrasa, zikumangidwa m'mphepete mwa madambo pomwe kale pankamera bango ndi gumbwa. Ikagwa mvula zaka ziwiri khoma lang'aluka, chitseko chikukana kutsekeka, mlandu n'kugwera mmisiri kuti anaba simenti. Nthawi zambiri mmisiriyo alibe mlandu. Vuto lili pansi.

Ife alimi dothi lakuda timalikonda, ndipo sitilakwa. Kuda kwakeko ndi udzu, mizu ndi bango zomwe zakhala zikuwolerana zaka zambirimbiri. Koma dothi lotere limasunga madzi ngati thonje lonyowa. Mukaikapo nyumba ya njerwa, madzi aja amafinyika pang'onopang'ono, dothi n'kumatsika. Likauma, zowola zija zimapitiriza kuwola n'kumatha, pansi n'kutsikanso. Kutsikako sikukhala kofanana. Ngodya ina imatsika kuposa inzake, ndipo khoma silidziwa kupindika, limangong'aluka. Pomwe panali dzala, chimbudzi chakale kapena potayira mamba ndi matumbo a nsomba, vuto lake ndi lomweli.

Musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi, kumbani maenje awiri kapena atatu pamalopo, akuya mita imodzi ndi theka. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa dzinja, chifukwa mu Okutobala dothi lililonse limaoneka lolimba. Tapani dothi la pansi pa dzenje, mulinunkhize. Likamamveka fungo la matope owola kapena la dzira lovunda, chenjerani. Lifinyeni m'manja. Likamatuluka madzi akuda, m'manja n'kutsala tiulusi ta mizu, limenelo ndi la dimba. Umbani kampira, mukayanike padzuwa. Kakauma n'kupepuka ngati ndowe youma, ndiye kuti zowola zachulukamo, ndipo mukakaika pambaula kamafuka utsi. Dzenjelo lisiyeni usiku wonse, mutaliphimba chifukwa cha ana ndi mbuzi. M'mawa muone ngati mwalowa madzi, ndipo afika pati.

Ana a sukulu atha kukuthandizani ndi botolo loonekera mkati. Thirani dothi pang'ono, mudzazitse madzi ndi kamchere, mukhutchumule kwambiri n'kuliimika. Mchenga umakhala pansi nthawi yomweyo, dongo limatenga tsiku kapena kuposa, zowola zimayandama pamwamba.

Apa tisiyanitse zinthu ziwiri zomwe ambiri amasokoneza poti zonse n'zakuda. Makande ndi dongo lomata, lolemera, lomwe limafufuma nthawi ya mvula n'kung'ambika ming'alu chilimwe. Limeneli limatheka kuliweta posakaniza ndi laimu wa amisiri, osati laimu wothira kumunda uja ayi. Dothi la zowola ndi lina. Lili ndi asidi amene amalepheretsa simenti kugwira bwino, choncho kuthiramo simenti kuti lilimbe n'kukwirira ndalama. Ndimamva amisiri ena akuti "tingowonjezera matumba". Ine sindivomereza. Konkire ingalimbe bwanji, ngati yakhala pa chinthu chotsika, nayonso itsika.

Ngati dothi lakudalo ndi losapitirira mita, mankhwala ake ndi khasu ndi wilibala. Lichotseni lonse, osati mu ngalande ya maziko mokha, komanso pansi pa chipinda chonse ndi pakhonde, mukalithire kudimba komwe likagwire ntchito yake. Pamalopo bwezerani katondo wosakaniza ndi mchenga ndi nsangalabwi. Musathire zonse kamodzi. Thirani masentimita 15, muwaze madzi pang'ono, mutsindire ndi chipika cholemera mpaka chidendene chisamalowe, kenaka muthirenso. Ntchitoyi ndi yotopetsa ndipo anyamata amafuna kuidumpha, ndiye mwini nyumba akhalepo. Pansi pa nyumba pakwere kuposa bwalo, ndi ngalande yochotsa madzi a padenga. Pa mzikiti madzi a udhu nawonso apite kutali ndi khoma, chifukwa amenewo amatayika kasanu patsiku chaka chonse.

Mukakumba mita imodzi ndi theka koma dothi likadali lakuda ndi lofewa, chitsulo n'kumalowa ndi dzanja limodzi, sunthani nyumba. Pamenepo pamangidwe thandala la usipa kapena chisakasa chopepuka.

Kwa makomiti a mizikiti ndi madrasa, ndalama za sadaka ndi amana. Mtumiki (SAW) pomanga mzikiti wa ku Madina mu 622 anayamba wakonza malo: mabwinja anasalazidwa, mitengo ya tende inadulidwa, maziko n'kukhala a miyala. Nyumba yolowa anthu mazana pa Ijumaa isadalire botolo ndi mphuno zokha. Pitani ku ofesi yoona zomangamanga kukhonsolo ya boma lanu, mupemphe injiniya adzaone maenjewo asanakwiriridwe, ndipo akanena kuti dothi likapimidwe ku labotale, ndalama yake ilowe mu bajeti pamodzi ndi ya malata.